Chitseko cha Khola la Abambo Chisapite

Thetford, Okutobala 2004

Okondedwa achemwali Deolinda,

Mundikhululukire kalembedwe kangaka. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, ndipo dzanja lomwe laswera kukankha nkhumba silimvana ndi cholembera. Pomwe pasowa chilembo muikepo nokha. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kukwera chitunda cha kutchalitchi? Ine ndili bwino, kungoti chifuwa chimandivuta kukazizira, ndipo kuno kwayamba kale.

Ndalemba kalata chifukwa foni amayankha ndi alamu Amândio, ndipo ndisanamalize moni amakhala ayamba kale za mtengo wa simenti. Ndi iwo anandiuza kuti khola la abambo aligwetsa mvula isanalimbe, matabwa akhale nkhuni, zitsulo atenge wogula zakutha uja wa ku Chaves. Khola agwetse, malowo ndi anu. Koma chitseko chokha chisapite. Ndikuuzani chifukwa chake.

Kuno ku famu ndili ndi mnzanga Neville, amene Lamlungu lililonse amayendayenda m'minda ndi makina ofufuzira zitsulo pansi. Anandigulitsa ake akale, ndipo mwini famu anatilola kuti tizifufuza m'munda wa balere akakolola. Poyamba ndinkangofukula mabatani ndi misomali ya akavalo. Ndalama yanga yoyamba ya Aroma ndinaiviika mu viniga kuti iwale, ndiye inatuluka yofiira, nkhope itafufutika yonse. Neville anaiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Bill, munthuyu wagona bwinobwino m'nthaka zaka zonsezi, iwe wabwera kudzamupha ndi zothira pa tchipisi."

Dzina langa linamukanika, ndiye ndine Bill. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti chobiriwira chomwe chimakuta ndalama yakale si litsiro ayi, ndi khungu la ndalamayo, ndipo ukachichotsa wachotsa zonse.

Mwezi watha makina analira mwamphamvu pafupi ndi ngalande. Ndinafukula ndalama yamkuwa yaikulu, yolemera m'dzanja. Ndinalavulira pang'ono n'kupukuta ndi chala, basi. Achemwali, ndinakhala pansi m'matope momwemo. Pandalamapo panali nkhope ya mayi wa tsitsi lomanga mfundo kunkhongo, chibwano chotulukira kutsogolo. Anali Azakhali Carminda athu aja.

Mwakumbukira? Ndalama zitatu zomwe abambo anazitembenuza ndi pulawo m'munda wa kumtsinje, n'kuziboola, n'kuziika pansi pa misomali ya chitseko kuti mitu ya misomaliyo isalowe m'thabwa. Amayi ankati ndi ndalama za Amoro, mtundu uja unalamulirapo kalekale, monga ankanenera chilichonse chakale. Yam'munsi inali pa msinkhu wanga, ndipo ife tinaitcha dzina la azakhali chifukwa cha chibwanocho. Inu munkandiopseza kuti imandiona ndikamaba mazira.

Neville anandiseka, akuti akazi onse a Aroma ali ndi mfundo kunkhongo ngati aphunzitsi a sukulu, ndipo ine ndikungosowa kwathu. Sindinamutsutse, ndinadikira tsiku la msonkhano. Mwezi ndi mwezi timakumana m'chipinda chakumbuyo kwa bala, ndipo kumabwera mayi wa ku nyumba yosungira zakale kudzaona zomwe tapeza. Anaiyang'ana ndi galasi lake n'kundiwerengera zilembo za m'mbali chimodzichimodzi. Akuti pomwe ife timaona V iwo ankawerenga U, ndiye dzina likutuluka Faustina, mkazi wa mfumu ya Aroma. Analipo awiri, mayi ndi mwana wake. Mayiyo tsitsi amalimangira pamwamba pa mutu, mwanayo kunkhongo. Yanga ndi ya mwanayo.

Mayi wa ku nyumba ya zakale uja ndinamuuza za chitseko m'Chingelezi changa chothyokathyoka. Sanaseke. Anati ndalama zimenezi zinkayenda kulikonse komwe Aroma anafika, ndipo kwathu anakhalako zaka zambiri, ndiye n'zotheka ndithu. Neville anati ngati zili choncho andigulira mowa, koma aone kaye ndi maso ake. Ine sindikukayika. Nkhope imeneyo ndinkaiona m'mawa uliwonse potsekulira ng'ombe.

Za mtengo mayiyo salankhula, akuti si ntchito yake. Wogula zakale wina amene Neville amamudziwa anati yanga ingagule nsapato zabwino za kuntchito, chifukwa khungu lake lili lonse. Yoboola, akuti, ndi ya mowa wa anthu awiri basi. Ndiye musaganize kuti pachitsekopo pali chuma.

Apa ndi pomwe mutu wandizungulira. Mukawauza alamu kuti ndi za Aroma, atenga chitsulo n'kuzikanganula tsiku lomwelo, zithyoke, kenako adzandikwiyire ku Chaves akawauza mtengo. Mukawauza kuti n'zopanda pake, zipita pa lole ya wogula zakutha. Ndaganiza kuti mungowauza kuti ndi misala ya Abílio. Zimenezo akhulupirira msanga.

Pempho langa ndi ili. Chitsekocho achizule chathunthu ndi misomali yake, muchiimike m'chipinda cha vinyo pomwe sipadontha. Kenako muike pepala lopyapyala pa ndalama yam'munsi, mukhwekhwereze pensulo pang'onopang'ono mpaka nkhope ituluke, munditumizire. Koma chonde musaitsuke. Ndikukudziwani inu, simungaone chitsulo chobiriwira osathamangira ndimu ndi phulusa. Ngakhale madzi musathire.

Mwina mukuti ndakalamba ndi zachibwana. Kaya. Ndinachoka kwathu ndilibe kanthu ka abambo, ngakhale kampeni kawo. Mabowo atatu aja anaboola ndi dzanja lawo, ine nditawagwirira msomali. Ndalama yanga ija ndaikulunga m'kansalu. Mwini famu anati ndisunge, iye safuna mkazi wina m'nyumba. Ndikufuna iyi ndi ya pachitseko ndidzaziike pamodzi pathebulo lanu, tiziyang'ane awiri.

Mundiperekere moni kwa alamu Amândio, muwauze kuti za simenti ndazimva. Moni kwa mlongo wanga Graça ndi mphwanga Telmo, kwa mkazi wa Telmo ndi kamwana, ndiponso kwa asuweni athu a kumtunda ngati mumalankhulana masiku ano.

Za tchuthi cha Khrisimasi abwana sanandiyankhebe. Ndipo alamu sananene tsiku lomwe wa zakutha abwere, ndiye sindikudziwa ngati kalatayi ikupezani chitseko chikadali pakhola kapena chitapita kale.

Ine mlongo wanu wokukondani,
Abílio