Sokosi Imene Anachapa a Levy

Loweruka, 17 Okutobala 1981, Bowie, kutsidya kwa nyanja

Nkhawa ndi imodzi: mapazi a abambo. Akubwera mu Disembala kudzandiona ndikulandira digiri. Dzulo pa lamya ndinayesa kuwafotokozera za kuzizira kwa kuno. Yankho lawo: "Nankhoma, ine ndine wa ku Dedza. Chisanu ndinabadwa nacho." Sakudziwa. Cha ku Dedza chimathawa dzuwa likatuluka. Cha kuno chimalowa mu nsapato n'kukhala momwemo mpaka Malichi.

Ndiye ndiwalukira masokosi, kuyambira pa nkhosa penipeni. Mayi Margaret a kutchalitchi, amene amaweta nkhosa zinayi kuseri kwa nyumba yawo, andipatsa thumba la ubweya umene anameta chaka chino. Fungo lake losaneneka. Amuna anga a Levy ayendetsa galimoto mawindo onse ali pululu. Ine kuseka njira yonse.

Lamlungu, 25 Okutobala

Phunziro loyamba: ubweya sachapa ngati zovala za kwathu. Madzi otentha, sopo pang'ono, kuuviika, kuusiya. Osafikisa. Osafinya. Osauchotsa m'madzi otentha n'kuuponya m'ozizira. Chifukwa chake n'chokoma kumva: kaubweya kalikonse kali ndi timamba ngati ta nsomba. Ukafikisa, timambato timakolana, ubweya n'kufota, n'kugwirana ngati chipewa, osamasukanso.

Koma manja anga anakulira pa mwala wochapira. Amangoyabwa. Mayi Margaret: "Edness, manja kumbuyo." Ndaima ngati mwana wa sukulu pa mzere.

Loweruka, 7 Novembala

Kupesa ndi zipeso za mawaya mpaka mapewa kuwawa. Kenako kupota, pa gudumu lamatabwa lopondera ndi phazi ngati makina osokera. Ulusi wanga woyamba: pena wonenepa, pena woonda, ngati njoka imene yameza mbewa. Tsopano ukuwongoka. Ndikumavina ndekha m'khitchini.

Theka ndanyika m'madzi a makoko a anyezi. Amayi onse a kwaya andisonkhera makoko, akuganiza kuti ndapenga. Watuluka mtundu wa mango akupsa. Woyera ndi wachikasuwo ndilukira mizere yokhotakhota, ija inali pa lichero la malemu amayi. Ndaijambula kuchokera m'mutu. Ndinaikumbukira yonse. Sindimadziwa kuti ndikuikumbukira.

Loweruka, 28 Novembala

Sokosi yoyamba yatha. Chidendene chakhota chokha pa singano ngati matsenga. Ndinakuwa mpaka a Levy kuthamanga, amati ndapsa.

Kenako mtima kuti phwii. Ndakhala ndikuyezera pa phazi la a Levy. Phazi la a Levy ndi bwato. Abambo ndi munthu wochepa thupi, timapazi tawo ngati ta mtsikana. Mu sokosi iyi angalowemo mapazi awo onse awiri, ndi ndodo yawo yomwe. Ubweya woyambiranso palibe, nthawi palibenso. Ndayamba yachiwiri chimodzimodzi. Zikule, koma zifanane.

Lamlungu, 6 Disembala

A Levy.

Ndinali ku laibulale. Iwo anaona sokosi yotha ija pa mpando, ili ndi kadontho ka tiyi. Anafuna kundisangalatsa. Anaichapa monga ankachapira kusukulu yogonera komweko: madzi owira, sopo wa mtanda, kufikisa ndi mphamvu zonse, kumenyetsa m'mbali mwa bafa, kutsukuluza m'madzi ozizira. Anandilandira nayo pakhomo, chifuwa patsogolo: "Mayi, taonani kuyera kwake."

Yoyeradi. Yafota. Yakhuthala, ikuima yokha pa tebulo. Inzake ili pa singano, yaikulu ngati thumba la ufa. Ndinawafotokozera za timamba tija misozi ikutsika. Iwo: "Ndiye nsombazo bwanji simunandiuze kale?" Ndinawauzatu kale. Ankamvera mpira pa wailesi.

Lachitatu, 9 Disembala

Ndapita nayo kwa Mayi Margaret ngati wopita ndi wodwala kuchipatala. Anaseka mpaka kutsamira mpanda, nkhosa zikutiyang'ana. Kenako anailowetsa dzanja, anaitembenuza. Akuti yotere silowa mphepo, sibooka msanga, ena amachita dala. Mankhwala ndi amodzi: ndimalize inayo, ndiwapatse a Levy aiwononge chimodzimodzi.

Pobwerera ndinaiyeza pa phazi langa. Yothina pang'ono. Nsapato za abambo zinkandithina chomwecho ndili Folomu 4. Mwina. Mwina!

Lamlungu, 13 Disembala

Yachiwiri yatha. A Levy anakana kaye: "Mukufuna mundikole kawiri." Ndinachita kuwapempha ngati mkamwini wolemekezeka. Anapinda malaya. Ine pambali ndi yoyamba ija, kuyerekeza. Fikisaninso. Basi. Ayi, pang'ono pokha. Kuseka mpaka kukhala pansi m'bafa. Zafanana, kupatula kuti ina ikuoneka ngati yakwiya.

Loweruka, 19 Disembala

Afika. Jekete yopyapyala, tayi, masokosi a nayiloni. Potuluka pa bwalo la ndege mphepo inawalandira, ndipo za ku Dedza sindinazimvenso.

Kunyumba ndinagwada, ndinawavula nsapato. Mapazi ngati miyala ya mumtsinje. Ndinawaveka masokosi aja. Zalowa ngati ndinawayeza. Anagwedeza zala m'katimo. Anayang'ana mizere ija nthawi yaitali. "Lichero la amayi ako ili."

A Levy ndiwo anatipulumutsa: "Bambo, kukhuthalako ndi ntchito yanga."

Abambo akukana kuti nkhosa ingabale sokosi, akuti za kwathu zilibe ubweya wotere, akufuna akazione okha mawa. Akufunsanso kuti chidendene chimakhota bwanji. Ndafotokoza kawiri. Ulusi watsala kampira kamodzi. Ndawaikira singano pamiyendo, ndati tayesani nokha abambo, mzere umodzi wokha. Akupukuta magalasi kuti aone bwino.