Tinamvera Kuseri kwa Mpanda

Lolemba, 2 Okutobala

Alamu anga a Warsini aimbanso foni. Akuti Lamulungu akubwera ndi galimoto kudzatenga mwamuna wanga Bagyo, azikamusamalira kumudzi ku Blitar. "Ningsih, iwe umalawirira kufakitale, mlongo wanga amangotsala yekha ngati mpando. Akanakhala woti atha kuitana munthu, bwenzi nditamusiya." Ndangoti chabwino alamu. Nditi chiyani? Sakunama. Chimugwirireni sitiroko, mwamuna wanga sanatulutsepo liwu ngakhale limodzi, ndipo ine ndikapanda kupita kokapichira ndudu ndiye kuti pakhomo pano palibe chodya.

Ku Blitar si kuseri kwa nyumba. Akapita ndiye wapita, ndikudziwa.

Lachiwiri, 3 Okutobala

Kuchipatala. Mtsikana uja wophunzitsa odwala kulankhula akuti ena amene mawu anawathawa amayambira kuimba. "Mayi, muzimuimbira nyimbo ya pamtima pake, mwina angatsatire." Ndaseka mpaka mwana wa eni wadabwa.

Ya pamtima pa Bagyo ndi "Denga Lodontha" ya Paku Bengkok, gulu loimba nyimbo zaphokoso za roko la kwathu kuno ku Malang. Anaiimba kamodzi kokha, pabwalo la mpira, mu 1996. Siili pa kaseti iliyonse. Chaka chotsatira woimba wawo anafa pa ngozi ya njinga yamoto, gulu n'kutheratu.

Bagyo tsiku limenelo analowa atasenzera ogulitsa zakumwa madzi oundana. Ine ndinali panja ndi mbendera yathu ya pansungwi, kudikira geti. Ndi momwe tinkachitira: opanda matikiti mumaunjikana panja, zoimba zikatsala pang'ono kutha amakutsegulirani ulere kuopa kuti mungagwetse mpanda. Pomwe ankatsegula, nyimbo ija inali itadutsa kale. Chomwe ndinamva ine ndi ng'oma zikugunda m'khoma basi.

Zaka zonsezi ndakhala ndikumuchonderera kuti andiimbire. Iye, "Ayi Ning, ndi mawu anga a chule awa ndingaiwononge." Munthu wamakani. Lero taona.

Lachitatu, 4 Okutobala

Ndalembera anzathu akale pa foni. Kholik wayankha msanga: "Denga Lodontha? Ndinali kutsogolo kwenikweni, thukuta la woimba linandidonthera pamphumi!" Tutik akuti analira kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Slamet akuti gitala wa m'nyimboyo amamulota mpaka pano. Onse abwera Loweruka masana.

Ndamuuza Bagyo ndikumumwetsa phala. Wandiyang'ana nthawi yaitali. Kaya wamva, kaya. Koma ine mtima wapepukako, ndachita kuchapa makatani.

Lachisanu, 6 Okutobala

Ndamupeza atagwa pakhomo la bafa, milomo ili gwa ndi ludzu. Sindikudziwa kuti anagona pamenepo kuyambira nthawi yanji. Aneba anali pakhonde pawo tsiku lonse, sanamve kanthu.

Loweruka, 7 Okutobala

Abwera. Kholik wabwera ndi ngolo yake yogulitsira bakso, msuzi wa timipira ta nyama uja, akuti odwala sachira ndi phala. Slamet, amene tsitsi linkamufika m'chiuno, lero dazi lokhalokha, koma gitala wanyamula. Tutik mpango kumutu, zidzukulu zili pa foni. Tamukhazika Bagyo pakati atavala malaya ake akuda a Paku Bengkok, amene tsopano akumukhuthukira m'mapewa.

Slamet wayamba, kuthamangitsa zala ngati akuthawa apolisi. Tutik, "Iwe dazi, ikuthamangira kuti? Inali yoleza, ya maliro." Waimba yake. Kholik wagwira m'mimba kuseka. "Mayi inu, imeneyo ndi ya paukwati wa mng'ono wanu!" Nayenso waimba yake, yosiyana ndi ziwiri zonsezo. Mawu amene agwirizana onse atatu ndi awiri okha, denga lodontha, omwe ngakhale ine ndikuwadziwa.

Akangana mpaka msuzi kuzizira. Kenako Slamet wafunsa, "Aise Kholik, woimba anavala chiyani?"

"Jekete yachikopa."

"Wanama. Bagyo ankati anali wosavala malaya."

"Nanga iwe bwanji ukunenera za Bagyo? Maso unalibe?"

Slamet wakanda dazi. Akuti iye anali mumtengo wa mango kuseri kwa mpanda, mphepo ikumubweretsera zidutswa za nyimbo. Kholik akuti anali pamwamba pa lole imene tinakwera popita, wapolisi atamulanda nsapato. Tutik anali pa geti lina, akusanza chifukwa chopanikizika. Onse analowa geti litatsegulidwa, ngati ine ndemwe. Aliyense ankaganiza kuti anzake anali mkati, ndiye ankangowonjezera pa zimene Bagyo ankasimba kuti asaoneke wotsalira.

Aseka mpaka misozi. Ine sindinaseke. Ndinafuna kuwathira msuzi uja kumaso, anthu akuluakulu a imvi. Ndiye kuti pa tonsefe amene tinkatchedwa okonda Paku Bengkok, woimva bwinobwino ndi mmodzi yekha, ndipo ndi uyu wakhala apayu, malovu akutsikira pa malaya.

Bagyo nthawi yonseyi amangoyang'ana khoma. Pochoka, Kholik wamugwira dzanja lake lamanzere, labwinolo. "Mkulu, tikhululukire, tinkakubera nkhani yako." Kholik watuluka akupukuta m'maso, mbale zake n'kuiwala.

Ndalongedza zovala zake. Malaya akudawo ndawasiya pathupi pake. Ndatopa, ndipo chiyembekezo chandithera.

Lamulungu, 8 Okutobala

Alamu afika m'mawa ndi dalaivala. Sanandinyoze, andibweretsera mpunga ndi mazira amchere. Bola akanandinyoza. Tamunyamula awiriawiri, tamukhazika kumbuyo, ndamuika pilo kumbali yakufayo. Ndamuuza kuti ndizibwera pa tchuthi. Alamu atseka chitseko, mawindo onse otseka chifukwa cha fumbi.

Dalaivala analowa kaye m'nyumba kukatenga njinga ya odwala. Ine ndinaima pawindo, ndikumuyang'ana. Ndiye ndinaona dzanja lake lamanzere likumenya pa bondo. Pang'onopang'ono, kawiri, kupuma, kawiri. Ng'oma zija za m'khoma, ndinazizindikira. Kenako kukamwa kunatseguka, khosi likugwedezeka. Alamu kutsogolo anatembenuka, atagwira pakamwa.

Ndinakoka chitseko, chokhoma. Ndinamenya galasi, alamu ali kakasi, sakudziwa pokanikiza. Ndinagunditsa khutu pagalasi lotentha ndi dzuwa. Kumveka kokha kuti munthu akuimba, koma nyimbo yake osaigwira.

Pomwe dalaivala amabwera ndi kiyi n'kutsegula, anali atamaliza. Ndamugwedeza, ndamupempha, Bagyo bwereza, chonde bwereza. Wangotseka maso.

Ndawafunsa alamu kuti imamveka bwanji. Akuti, "Kaya, Ningsih, ine nyimbo zanu zaphokosozi sindizidziwa. Ndingoti inali yachisoni." Ndati mwamva nokha, watulutsa mawu, musiyeni. Akuti kuimba si kuitana madzi.

Anyamuka dzuwa lisanafike pamutu. Khutu likundiwotchabe.