Mwendo wa Kadzidzi

Lolemba, 13 Okutobala 1947

Tsiku la 19 ndili m'chigoba cha Kadzidzi, munthu wobisa nkhope wa m'filimu ya magawo imene tikujambula. Kumatanthwe kuja dzuwa linali lowotcha zedi, thukuta kumangodzaza m'chigobamo. Andithamangitsa pa hatchi katatu, andiponya m'madzi kamodzi. Za bondo palibe wandifunsa.

Koma lero sindidandaula. Kalata ya bambo yafika kuchokera ku Nebraska. Akuti, "Orville, mafilimu ako asanu ndi imodzi aja ndinakuzindikira ndi mwendo. Akuphimbe nkhope mmene angafunire, palibe wina amatsimphina ngati iwe. Ndauza tauni yonse kuti ulendo uno akuvula chigoba. Mwini holo ya mafilimu wandisungira mpando wakutsogolo." Nkhalamba ya zaka 81, Loweruka lililonse kukakhala pakati pa tiana taphokoso kuti ione mwendo wa mwana wake! Ndi bambo omwewa amene anandiuza kuti ndathawa munda kukachita zauchitsiru.

A Pruitt, bwana wojambulitsa filimuyi, anandilonjeza okha mu Ogasiti, dzanja lili paphewa panga. Anati gawo lomaliza, la 15, akamadzavula Kadzidzi chigoba, nkhope idzakhala yanga. Tijambula Lachisanu.

Lachiwiri, 14

Bondo latupa. Mkazi wanga Verna wandithowa ndi madzi otentha. Akuti ndikamete bwino Lachinayi. "Zaka makumi awiri ndikuuza azimayi akutchalitchi kuti mwamuna wanga ndi wa mafilimu, iwo n'kumandiyang'ana ngati wabodza."

Lachitatu, 15

Ndiye ndiziti chiyani.

Masana ndikudya sangweji yanga kuseri kwa lole, kwatulukira galimoto yofiira. Wotsikamo Desmond Vail, wosewera m'mafilimu wotchuka uja, tsitsi lonyezimira mafuta, mano oyera ngati mbale zatsopano. Ndafunsa Hattie, mayi amene amalemba m'buku zonse zimene tajambula, kuti ameneyu akudzatani kuno. Wangoyang'ana pansi. Basi ndadziwa.

A Pruitt sanachite n'komwe manyazi. "Si ine, Orv, ndi akuofesi. Akufuna nkhope yoti anthu aidziwe. Iwe ndiwe katswiri, tonse tikudziwa, koma nkhope yakoyo ndi ya munthu wogulitsa matayala." Aseka. Inenso ndaseka, chitsiru ine.

Magawo 14 ndagwa ine, ndamenyedwa ine, ndameza fumbi ine. Mawu a Kadzidzi adzalankhula munthu wina wa pa wailesi. Nkhope ya Vail. Changa n'chiyani? Mikwingwirima.

Verna sindinamuuze.

Lachinayi, 16

Zina ukamva ungati nthabwala. Andituma kuti ndimuphunzitse Vail kutsimphina! Akuti akamuvula chigoba ayende masitepe asanu, ana akhulupirire kuti ndi yemwe uja.

Mwendo uwu hatchi inandigwera mu 1931, pa filimu ya anthu omwewa. Miyezi inayi ndili chigonere. Lero ndiupereke kwa munthu wobwera tsiku limodzi.

Ndaima momuyang'ana, ndayenda. Iye wanditsanzira. "Zophweka izi, achikulire," akutero. "Kapena ndiwonjezere pang'ono?" Ndati ayi bwana, mwatha kale.

Ndipo wathadi. Poti tinayang'anizana, wanditengera ngati pagalasi. Ine ndimakoka mwendo wakumanzere, iye akukoka wakumanja. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze, kenako ndatseka.

Kumeta ndametabe. Verna anali atandisitira kale shati.

Lachisanu, 17

Ndagubuduzika pathanthwe lija mpaka pansi, chigongono chasupuka. A Pruitt akuwa kuti dulani, kamera yaima. Ndadzuka, ndavula chigoba. Vail wachigwira ndi zala ziwiri, akuti wina achipukute kaye, chikununkha. Chikununkha ine, bwana. Wagona pamalo pomwe ndinagwera, amuwaza fumbi pang'ono pamapewa kuti aoneke wovutika.

Kamera yayamba. Amuvula, wadzuka, masitepe asanu. Wakumanja, onse asanu!

Hattie wandinong'oneza, "Orv, kodi si wakumanzere?" Ndati ndaiwala mayi, ndakalamba. Wandiyang'ana nthawi yaitali, watseka buku lake. Kuno sitibwereza, tsiku limodzi timajambula zimene ena amajambula sabata yathunthu. A Pruitt angoti zabwino, tiyeni kwina.

Ndabwerera kunyumba ndikuimba mluzu.

Loweruka, 18

Ndamuuza Verna zonse. Walira kaye, kenako waseka mpaka kukhala pansi m'khitchini. M'maganizo ndikuwaona bambo ataimirira m'holo muja, ndodo m'mwamba, akukuwa kuti ameneyo si iye, onani mwendo! Ndipo ana aja amaona zonse, sungawanamize. Nkhope andilanda, koma aliyense wa maso adzadziwa kuti m'chigobamo munali munthu wina.

Lamulungu, 19

Kutchalitchi sindinapite. Chigongono.

Lolemba, 20

A Pruitt andiitana kuchipinda chodulira filimu. Ndimati akandikalipira, ndipo ndinakonzeka, mawu ndinali nawo. Ndawapeza akuseka.

"Mnzako uja anasokoneza miyendo! Koma taona." Wodula filimu wangotembenuza kachigawo ka Vail, mbali iyi kupita uko. Kumanja kwasanduka kumanzere. Ntchito yosakwana mphindi ziwiri.

Andionetsa. Kadzidzi akugwa, ndine. Akudzuka, ndi Vail, akukoka mwendo wakumanzere bwinobwino ngati anabadwa nawo. Ine mwini wake ndikadakhulupirira. Ndaima pamenepo chipewa chili m'manja, ndipo ndamva pakamwa panga pakutuluka mawu oti zakhala bwino, bwana.

Potuluka andiuza kuti mu Novembala kuli filimu ina, ya magawo 12. Munthu wochokera kumwezi, chigoba chachitsulo. "Ndani wina angatichitire ngati iwe, Orv?" Akuti ndipite Lachitatu akandiyeze mutu.

Ndimadana nawo. Ndikulemba kuti ndisadzaiwale: ndimadana nawo onse, ndipo Lachitatu ndipita.

Lachiwiri, 21

M'mawa wonse ndili patebulo ndi pepala, kulembera bambo. Ndang'amba atatu. Loyamba ndinanamizira akuofesi, lachiwiri ndinati filimu yapsa. Verna akuti alembe ndi iye, ndakana.

Papepala lachinayi ndalemba zochepa. "Bambo, magawo 14 oyambawo ndine, mudzandidziwa. Lomalizalo mudzakhale kunyumba, kudzakhala kukuzizira. Mpando uja muwauze apatse wina."

Ndamata sitampa. Bokosi la makalata lili pakona pomwepa, koma Verna wati andiperekeze. Tayenda pang'onopang'ono, iye kumanzere kwanga.