Makina Anga Akana Inki Yanga

Lachiwiri, mwezi wa Okutobala, pa Chamama. Kwatentha, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo tsiku lonse.

Makina anga a fotokope akana kugwira ntchito. Ndathiramo inki ndi jakisoni monga mwa masiku onse, koma akulemba kuti inkiyo si yawo. A Phiri okonza mawailesi atsegula kumbuyo n'kupukusa mutu. Akuti muli kachitsulo kovomera inki ya kampani yokha, ndipo iwo sangakakhudze. Inki imeneyo mpaka ku Lilongwe.

Mzere wa alimi ofuna fotokope unafika mpaka kuchigayo, aliyense chiphaso m'manja, poti mawa akulemba maina a feteleza wotsika mtengo. Mayi wina wa ku Wimbe anandifunsa kuti, "Kodi achimwene, makinawa ndi a ndani?"

Ndinati ndi anga, ndinagula nditagulitsa fodya chaka chatha.

"Ndiye auzeni agwire ntchito."

Bambo anga anali tenanti ku esiteti. Fodya ankalima okha, koma kogulitsa ankasankha ndi bwana. Ine ndinkati moyo umenewo ndauthawa. Kani ndangosintha bwana, ndipo uyu ngakhale nkhope yake sindikuidziwa.