Wotchi ya Abambo Ili pa Mkono Wanga

Malomo, Ntchisi
18 Meyi

Wokondedwa mlongo wanga Isake,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Agnesi. Kodi ku Joniko kwayamba kuzizira? Kuno chisanu chatsika kale m'mapirimu. Chimanga tayamba kukolola, ana ali bwino, ndipo alamu ako a Alexio akupereka moni.

Udabwa kulandira kalata ya papepala foni ilipo. Foniyo imakhala kumutu kwa mphasa ya abambo, ndipo zimene ndikufuna kukuuzazi sindingazinene iwo akumva. N'chifukwa chake ndapatsira a Nedson, aja amanyamula katundu wa anthu kupita kumeneko. Uwerenge utakhala pansi.

Nkhani yake ndi ya wotchi yamakono ija unawatumizira abambo pa Khirisimasi, yowerenga masitepe ndi kugunda kwa mtima n'kumakutumizira iwe pafoni. Masiku oyamba anaikonda, ndisaname. Popita kutchalitchi ankapinda dala mkono wa malaya. Munthu akangowafunsa nthawi, ankamuuzanso kuti mwana wawo wa ku Joni amadziwa ngakhale akapita kuchimbudzi.

Chikondicho chinatha mu Febuluwale, fodya atakhwima. Wotchi inayamba kunjenjemera pamkono m'mawa uliwonse akuthyola fodya. Nawe osachedwa, foni: mtima wa abambo ukuthamanga, ukudumphadumpha, apite kuchipatala lero lomwe. Ukukumbuka, unaimba masiku anayi otsatizana.

Abambo anapsa mtima. Anati fodya sadikira munthu. Anati pa unyamata wawo anagwira utenanti zaka zisanu ndi ziwiri kapitawo ali kumsana, ndiye sangakalambe atavala kapitawo wina pamkono. Anaivula n'kuikoloweka pamsomali m'chigafa cha fodya. Tsiku lomwelo unaimbanso kufunsa chifukwa chake sakuyenda. Apo ndiye anandiitana n'kundimanga wotchiyo pamkono, akuti ndivale ine kuti iwe uleke kuwasokosa.

Isake, ndinaseka. Ndinaivala ndikuseka, ndimayesa masewera a masiku awiri.

Kuyambira tsiku limenelo, masitepe onse wakhala ukuwaonawo ndi anga. Ndi a kudimba, a kuchigayo, a kumjigo, ndi a pachitunda chathu chija ndowa ili pamutu. Mtima umene unauyamikira kuti wakhazikika ngati wa mnyamata ndi wa ine mlongo wako. Unanena kuti wotchiyo yawachiritsa abambo. Ine ndinakuvomera kuti eetu, zinthu zamakono n'zabwino.

Patatha masabata atatu abambo anagwa m'chigafa akupachika fodya. Tinawapeza pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo wa kumanja zitafa. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko. Adokotala anafunsa ngati m'mbuyomu panalibe chizindikiro chilichonse. Ndinali nditaima pomwepo, wotchi nditaiphimba ndi chitenje, ndipo ndinayankha kuti sitinaone kanthu.

Tinakhala kuchipatala masiku khumi. Iwe unaona masitepe achuluka, n'kulemba kuti mdala walimba, chaka chino akolola yekha. Ameneyo anali ine, ndikuzungulira pakati pa wodi ndi kophikira. Mauthenga onse ankakuyankha aja ndinkalemba ndine, ndipo netiweki imene ndinkainamizira sinavutepo tsiku ndi limodzi lomwe.

Abambo atayamba kutulutsa mawu, oyamba anali akuti usauzidwe. Akuti mapepala ako sali bwino, ukadutsa malire subwereranso, ndipo ntchitoyo unaisaka zaka zitatu. Anandigwira ndi dzanja lamoyolo n'kundilumbiritsa. Ndawamvera miyezi iwiri yathunthu. Alamu ako akhala akundifunsa kuti ndidzakuyang'ana bwanji tsiku limene ndidzakuimbire za maliro, wotchi ikunena kuti munthuyo ali kudimba. Akatero ndimangopeza chogwira.

Sabata yathayi zinthu zasintha. Phala abambo amameza masupuni atatu n'kutembenukira kukhoma. Mankhwala ndimachita kuwanyengerera ngati mwana. Pakamwa amati Isake asabwere, koma ikangomveka njinga yamoto kumsewu amadzutsa mutu mpaka phokoso litha. Dzulo anawaitana a Alexio ndi dzina lako, kawiri konse.

Paja unkafuna kudziwa ngati wotchi zoterezi n'zothandiza, poti anzako ena akuti n'zongodzionetsera. Ndikuyankhe ine amene ndaivala. Ija sinaname ngakhale kamodzi. Inakuwa nthawi ilipo, ife n'kuitseka pakamwa, ndiye tamva nkhwangwa ili m'mutu. Chimene siingathe n'kudziwa kuti mkono umene yagwirawo ndi wa ndani.

Koma nawenso ndikuuze, ngakhale ukwiye. Chibwerere wotchiyi unasiya kufunsa. Kale unkachita makani kuti ndiwapatse foni umve mawu awo. Unkafunsa kuti adya chiyani, chifuwa chija chatha kapena ayi, ng'ombe yabereka. Lero miyezi iwiri osamva mawu a bambo ako, iwe n'kukhutira ndi manambala? Ukanaumirira kamodzi kokha ndikanaulula, poti bodzalo linali litanditopetsa kale.

Sindikuthawa mlandu ayi. Waukulu ndi wanga. Ndikanakana kuivala tsiku lija, mwina ukanawatopetsa ndi mafoni mpaka akanapita kuchipatala akuyenda okha. Zimenezi zimandidya tsiku lililonse ndikamawasambitsa. Ndili ndi manyazi, ndiponso ndili ndi mantha. Undikhululukire ngati ungathe. Ngati sungathe, udzandikalipire uli pakhomo pano.

Lachisanu, tsiku limene a Nedson akuti afika kumeneko, ndiivula wotchiyi n'kuwamanga abambo kudzanja lamanzere. Adziwa kuti ndaphwanya lumbiro, ndipo zimenezo ndithana nazo ndekha. Ukaona masitepe palibe, usayese kuti yawonongeka. Mtima umene uziuona kuyambira pamenepo ndi wawo.

Za mapepala ndi ntchito ukuzidziwa ndiwe, ine sindingakusankhire. Changa n'chimodzi. Usakhale kumeneko n'kumauyang'anira mtimawo pafoni mpaka udzaime. Bwera udzawagwire dzanja akadakudziwa.

Undiperekere moni kwa alamu anga ndi anzathu onse a kwathu kuno amene uli nawo. Mulungu akusunge, ndipo akutsegulire njira.

Ndine mlongo wako,
Elizabeti