Ndulu Ziwiri za a Laurenti

Lolemba, 4 Ogasiti 1997
Zapezeka! Si zilonda za m'mimba, si kulodzedwa. Amuna anga a Laurenti ali ndi ndulu ziwiri. Adokotala anawayendetsa kamakina pamimba, n'kuitana anzawo kuti adzaone pa kanema. Akuti anabadwa nazo, ndipo n'zosowa kwambiri. Imodzi yadzaza timiyala, ndi imene imawapinda akadya zamafuta. Ine zaka khumi ndikutumbula nkhuku pamsika wa Chilomoni, ya ndulu ziwiri sindinaionepo. Ndawauza a Laurenti kuti n'chifukwa chake sachedwa kupsa mtima. Aseka mpaka kugwira nthiti.

Lachiwiri, 5 Ogasiti
Agonekedwa. Opaleshoni mawa, achotsa zonse ziwiri. Dokotala wodziwa zimenezi ndi mlendo, akubwerera kwawo Loweruka. Anesi anenetsa: akadya chamadzulo basi, asalawenso kanthu.

Lachitatu, 6 Ogasiti
Ndapsa mtima ine! Alamu anga a Anastasia afika m'mawa kuchokera ku Nsanje ine ndikuchapa panja. Ndikubwerera mu wodi, a Laurenti akupukuta pakamwa. Mbatata ndi thobwa! Alamu akuti, "Munthu angapite ku mpeni ndi njala?" Eniakewo akuti, "Achemwali achokera kutali, ndikanakana bwanji?"

Opaleshoni yalephereka. Mpata watsala Lachisanu lokha, pomwe maso awo ayamba kale chikasu. Ndikuopa. Ndakalirira kukhitchini ya magadiyani.

Lachinayi, 7 Ogasiti
Ndawauza alamu kuti ngakhale nkhuku zanga sindizipatsa madeya tsiku lozitumbula. Iwo, "Ndiye mlongo wanga wasanduka nkhuku?" Mwayi anesi analipo. Awafotokozera kuti munthu akagonetsedwa ali wokhuta, chakudya chimabwerera n'kulowa m'mapapo. Alamu angoti kukamwa yasa. Kenaka amanga chitenje m'chiuno.

Lachisanu, 8 Ogasiti
Mlonda ngati alamu sindinamuone. Amayi a kutchalitchi anabwera m'mawa ndi zitumbuwa, abwezedwa pakhomo pomwe!

A Laurenti analowa ku opaleshoni nayini koloko. Ine korona m'manja, ndimangosokoneza mikanda. Cha m'ma wani adokotala atuluka akumwetulira, botolo m'manja. Zilimo ziwiri, ina yaing'ono ngati chala. Ndaziyang'anitsitsa. Palibe yophulika. Ndawauza kuti ali ndi dzanja labwino, pamsika ndikhoza kuwalemba ntchito.

A Laurenti atsegula maso madzulo ano, n'kunong'ona, "Achemwali, mbatata ija yatsala?"

Alamu akhalira dengu la mbatata. "Funsa anesi."