Nkhuku yoyela yolipila galasi la motoka

Akulu anga okondedwa,

Muli bwanji ku Solwezi, pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tili bwino, ndipo mwendo wa amai unaleka kutupa.

Musakalipe musanamalize kuwelenga. Loweluka ndinaimika motoka yanu pamsika wa Petauke kuti ndigule feteleza. Pobwela ndinapeza galasi la m'mbali likulendewela, chitseko chitakalika, woigunda kulibe. Amai ogulitsa tomato anati inagundidwa ndi lole yaing'ono, kanta yobiliwila. Ndinakwiya kwambili, posadziwa kuti ndikuuzani chiyani.

Dzulo kanta ija inaima pakhomo pathu. Anatsika a Mwanza, mlimi wa thonje, atanyamula nkhuku yoyela. Amai a tomato aja ndiwo anawalozela njila. Anagwada pabwalo nati, "Bambo, sindinathawe dala. Akazi anga anali oyembekezela, pafupi kuchila, ndinali kuthamangila kuchipatala." Mtima wanga unakhala pansi. Galasi agula okha, amakanika amanga kale.

Mwana ndi wamwamuna, ndipo apempha kuti mwini motoka ndiye amutche dzina. Chonde tumizani dzinalo msanga, mchombo usanagwe. Za nkhuku musafunse, tadya kale.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Yotamu